Musanaitanitse galimoto yamagetsi, yambani mwasuzumira kunsi kwake

Mlamu wanga anatopa nayo mizere ya mafuta. Tsiku lina atachezera usiku wonse pa filing'i siteshoni ina ku Limbe n'kubwerako ndi malita 10 okha, anandipeza kugaraja foni ili m'manja. Anandionetsa zithunzi zitatu: Nissan Leaf ya kaunjika yochokera ku Japan, Volkswagen e-Golf ya ku UK, ndi BYD Atto 3 yatsopano yogulitsidwa ku Johannesburg.

"Alamu, zonsezi n'zamagetsi. Nanga mitengo yatalikirana chonchi bwanji? Nditenge iti?"

"Alamu, inu mukuyang'ana penti ndi mipando. Tiyeni kudzenje."

Tsikulo padzenje panali Leaf ya mayi wina wa ku Namiwawa, yodzasintha ma shock. Tinatsika ndi tochi. Kunsi kwake kulibe ekizozi, kulibe thanki, kulibe oyilo wodontha. Kuli chibokosi chimodzi chophwatalala, kuyambira pansi pa mipando yakutsogolo mpaka pansi pa yakumbuyo, chomangidwa ndi mabawuti kuzungulira, ndipo kutsogolo kwake kukutuluka nthambo zonenepa ngati chala, zamtundu wa lalanje. Pachivindikiro chapulasitiki panali mizere itatu yokalika, yakuya moti chikhadabo chimalowa. Hampu inadutsa pamenepo. Ndinagwira dzanja la alamu n'kuwakhudzitsa. "Chuma chonse cha galimoto iyi chili kuseri kwa pulasitiki ameneyu."

Opanga magalimoto akamati pulatifomu amanena maziko a galimoto: chasisi, kutalikirana kwa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, pokhala mota, pokhala batire, ndi modutsa nthambo ndi mapaipi. Pa maziko amodzi kampani imatha kumangapo magalimoto asanu osiyana nkhope. Ndiye funso loyamba si lakuti galimotoyo ndi ya kampani iti, koma lakuti batire analiganizira liti: asanajambule galimoto, kapena galimoto itamangidwa kale.

Nyumba yosandutsidwa golosale

Njira yoyamba ndi yotenga galimoto ya petulo, kuchotsa injini ndi thanki, n'kulowetsamo mota ndi batire. Zili ngati nyumba yogona imene mwiniwake waisandutsa golosale: waboola khoma la pabalaza kuti pakhale zenera logulitsira, makatoni wawapanikiza kuchipinda ndi kuseri kwa chitseko. Malonda amayenda ndithu, koma malo amavuta.

e-Golf ya 2014 ndi yotero. Inamangidwa pa maziko a MQB, omwewo a Golf ya petulo. Batire lake linapindidwa kuti likwane momwe munali thanki, pansi pa mipando, ndi mu mtumbira wapakati uja modutsa ekizozi. Loyamba linali la 24.2 kWh, la 2017 linafika 35.8 kWh, ndipo malo anathera pomwepo. kWh imodzi ndi yuniti imodzi ya ESCOM, yomweyo timagula pafoni. Mu 2020 Volkswagen inasiya kupanga e-Golf.

Njirayi ili ndi ubwino umene kuno kwathu suyenera kupeputsidwa. Magalasi, zitseko, nyali, mabuleki ndi zambiri za kumiyendo n'zofanana ndi za mbale wake wa petulo. Minibasi ikakupsompsonani pa Ginnery Corner, owongola magalimoto a ku Ndirande sangadabwe nayo, ndipo bampala ikhoza kupezeka. Koma mtunda woyenda ndi waufupi, ndipo ambiri mwa magalimoto otere tsopano akalamba pamodzi ndi mabatire awo.

Njira yachiwiri ndi maziko okonzedwa kuchokera pachiyambi kuti alandire zonse: petulo, dizilo kapena batire, pa mzere umodzi wa fakitale. Peugeot e-208 ndi BMW i4 ndi za gulu ili. Kwa kampani ndi nzeru, chifukwa msika ukatembenuka fakitale siima. Kwa wogula, akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa: boneti imakhalabe yaitali posungira malo injini yomwe palibe, ndipo wokhala pakati kumbuyo amakhazikabe miyendo pa mtumbira wopanda ntchito. Komabe musaitaye msanga. Hyundai Kona Electric ya 2018 imagawana maziko ndi Kona ya petulo, koma ili ndi batire la 64 kWh loziziritsidwa ndi madzi. Kwa ine Kona yosamalika imaposa magalimoto ena odzitama kuti anabadwira magetsi.

Chitseko chogonekedwa pa matayala anayi

Njira yachitatu imayambira pa batire. Tangoganizani chitseko chachikulu chogonekedwa pansi, tayala pa ngodya iliyonse. Chitsekocho ndiye batire. Mota yaing'ono imakhala pakati pa matayala akumbuyo kapena akutsogolo, ndipo thupi la galimoto amangolivundikira pamwamba. General Motors inaonetsa ganizoli mu 2002 pa galimoto yachionetsero yotchedwa AUTOnomy, Tesla inaliika pamsika mu 2012 ndi Model S, ndipo ena anatsatira: Volkswagen ndi maziko otchedwa MEB, amene ID.3 yake inayamba kupangidwa mu 2019, Hyundai ndi Kia ndi E-GMP yolengezedwa mu 2020, BYD ndi e-Platform 3.0 mu 2021, MG ndi MG4 mu 2022.

Phindu lake limaoneka pa tepi. ID.3 ndi yaifupi pang'ono kuposa Golf, koma matayala ake akutsogolo ndi akumbuyo ndi otalikirana mamita 2.77, kuposa a Golf ndi masentimita oposa 13. Hyundai Ioniq 5 imafika mamita 3 ndendende pa galimoto yotalika mamita 4.6 okha. Malo onsewo amapita kwa batire kunsi ndi kwa miyendo ya anthu pamwamba, pansi pali see popanda mtumbira. Poti cholemera chonse chili pansi, galimoto siyendera mbali pokhota, chinthu chimene mungachiyamikire pa makona a msewu wa ku Thyolo. Mota ikakhala kumbuyo, monga pa ID.3, Ioniq 5 ndi MG4, matayala akutsogolo amapindika kwambiri, ndiye kutembenuka m'tinjira ta ku Chilomoni sikuvuta, komanso pachitunda kulemera kumatsamira pa matayala omwe akukankha.

Leaf ili pakatikati. Thupi lake analikonzera batire la pansi kuyambira 2010, koma mukatsegula boneti mupeza mota ndi inveta, bokosi losintha magetsi a batire kuti ayendetse mota, zitasanjikizana pamalo a injini, kukoka matayala akutsogolo monga mwa kale.

Vuto la chitseko ndi lakuti chimayang'anizana ndi msewu, ndipo misewu yathu mukuidziwa. Batire limalemera makilogalamu 300 kapena 500, pena kuposa, ndipo ambiri mwa magalimotowa amatalikirana ndi nthaka masentimita 14 mpaka 18 basi, asananyamule anthu ndi matumba a chimanga. Pa galimoto ya petulo mwala ukagunda kunsi mumawotcherera ekizozi n'kumapita. Apa mwala ukabonyola bokosi, maselo amkati, timabatire ting'onoting'ono topanga batire lonse, akhoza kuphwanyika, kapena mpira wotseka ukhoza kutseguka n'kumalowetsa madzi dzinja likafika. Opanga amadziwa zimenezi: amaika mbale yachitsulo kapena ya aluminiyamu kunsi, ndi mipiringidzo yolimba m'mbali yoteteza maselo pangozi. Koma makulidwe a mbaleyo amasiyana, ndiye pitani nayo padzenje muione ndi maso. Kulemera komweko kumadyanso matayala ndi ma shock msanga.

Tsopano pali amene apitirira pamenepo. Batire la Leaf ya 24 kWh lili ndi timabokosi 48, kalikonse ka maselo anayi, ndipo mmisiri wophunzira bwino akhoza kulitsitsa, kulitsegula, n'kusintha kabokosi kofooka. BYD mu 2020 inachotsa timabokosi: maselo ake a Blade, aatali pafupifupi mita imodzi, amandandalikidwa n'kumatidwa mwachindunji m'bokosi lalikulu. Malo amapindulika, koma kusintha selo limodzi ndi ntchito yovuta zedi, ngakhale bokosi lonse limamasukabe. Pa BYD Seal ya 2022 chivindikiro cha batire ndicho pansi pa galimoto. Pa Tesla Model Y zina zopangidwa ku Texas kuyambira 2022 mipando imamangidwa pa batire penipeni, maselo ali omizidwa mu thovu louma gwa. Tesla yomweyo inasintha zidutswa pafupifupi 70 za kumbuyo kwa Model Y kukhala chidutswa chimodzi cha aluminiyamu wosungunula. Ku fakitale zimenezi zimatsitsa mtengo ndi kulemera. Koma aluminiyamu wotere sawongoleka ndi hamala ndi moto, akang'aluka wang'aluka. Kwa munthu wa mu Blantyre, amene sipeya aliyense amadikira ndalama zakunja ndi ulendo wa sitima, ine ndimati batire likhale lomasuka ndi sipanala.

Kutentha

Apa ndi pamene ndinakhalitsa ndi alamu, chifukwa kwawo ndi ku Nchalo ndipo amatsikira kumeneko mwezi uliwonse.

Mdani wa batire la lithium si mtunda wokha. Limakalamba msanga likamakhala motentha, makamaka lili lodzaza. Leaf, kuyambira ya 24 kWh ya 2010, ya 30, ya 40 ya 2017, mpaka ya 62 ya 2019, ilibe choziziritsa batire. Limangodikira kuti lizizire lokha. e-Golf chimodzimodzi. Mu Blantyre, pamtunda wa mamita 1,000, m'mwezi wa June chiperoni chili fwaa, palibe vuto. Koma ku Chikwawa mu October kumapitirira madigiri 40, phula likuwotcha kunsi, ndiye muyambepo kukwera Thabwa anthu asanu ali m'kati. Batire lotero limafika pamwamba lili lotentha ndipo limachezera nako kutenthako.

Maziko atsopano amaika mbale ya timipaipi kunsi kapena pamwamba pa maselo, moyenda madzi oziziritsa monga a m'redieta, kapena gasi wa air conditioner monga pa Atto 3. Kompyuta ya batire imayang'anira kutentha ndi mphamvu ya maselo, n'kumayatsa pampu ikafunika. Chimenechi chokha, kwa ine, chimaposa zonse zimene amalemba pa zotsatsa malonda.

Kenako mankhwala a m'maselo. Mitundu ikuluikulu ilipo iwiri. NMC, ya nickel, manganese ndi cobalt, imasunga magetsi ambiri pa kilogalamu, n'chifukwa chake ili mu Ioniq 5, Kona ndi Leaf zatsopanoko. Koma imafuna kuilera, kuitchaja mpaka 80 peresenti masiku wamba. LFP, ya chitsulo ndi phosphate, ndi yolemera, koma ndi yotchipa, imapirira kutentha, sigwira moto msanga, imatchajidwa kambirimbiri isanafooke, ndipo kuidzaza mpaka 100 sikuivulaza kwambiri. Chofooka chake chachikulu ndi chisanu choundana madzi, chomwe kuno kulibe. Amene muli ndi sola kunyumba mukuidziwa kale, poti mabatire ambiri a lithium a ma inveta ndi a mtundu womwewu. M'dziko lomwe munthu amatchaja pamene magetsi ayaka, osati pamene wafuna, batire lolola kudzazidwa tsiku lililonse ndi bwenzi.

Wogula Leaf awerenge timizere 12 tating'ono tosonyeza thanzi la batire pa dashibodi. Tikatsala 8, ndiye kuti latsala ndi magawo awiri mwa atatu a mphamvu zake kapena kucheperapo. Pa ya 24 kWh zikutanthauza kuti makilomita 100 sakwana, ndipo kupita ku Zomba n'kubwerako, makilomita pafupifupi 130, sikutheka popanda kutchaja. Timizere timatha kunamizidwa, ndiye pemphani wogulitsa chithunzi cha pulogalamu ya LeafSpy, yomwe imaonetsa peresenti yeniyeni ndi selo lililonse palokha.

Mota ndi zoizungulira

Pa mota sindichedwapo, chifukwa siikonda kufa. Ilipo mitundu itatu. Ya maginito osatha mphamvu ndiyo yofala, mu Leaf, BYD ndi Hyundai: yaing'ono, yosawononga magetsi. Maginito ake amafuna neodymium ndi praseodymium, miyala yomwe ikupezeka ku Songwe Hill ku Phalombe ndi ku Kangankunde ku Balaka, ndipo ndimalakalaka tsiku limene ana a ku yunivesite ya MUBAS adzaone phindu la miyalayi kwawo konkuno. Yachiwiri ndi ya induction, yopanda maginito, ya mtundu womwewo wa mota ya chigayo, imene Model S yoyamba inagwiritsa ntchito. Yachitatu imapanga maginito ake ndi magetsi odutsa m'mawaya a mkuwa, monga mu Renault Zoe ndi BMW i4. Zonsezi zimasandutsa magetsi opitirira 90 peresenti kukhala liwiro, pamene injini ya petulo imataya magawo awiri mwa atatu a mafuta ngati kutentha. Magiya osintha palibe, kilatchi palibe. Pali giya imodzi yochepetsa liwiro, mota ikazungulira ka 8 kapena ka 10 tayala lizungulire kamodzi. Porsche Taycan ili ndi magiya awiri kumbuyo, koma imeneyo ndi nkhani ya othamanga.

Chokoma ndi chakuti mukachotsa phazi mota imasanduka jenereta. Kuchoka mu Blantyre kutsikira ku Chikwawa ndi mamita pafupifupi 900. Galimoto ya makilogalamu 1,600 ikatsika chotero imamasula mphamvu yokwana mayunitsi pafupifupi 4. Ina imadyedwa ndi mphepo ndi matayala, koma yotsala imabwerera m'batire, pamene malole akununkha mabuleki pa Thabwa. Chenjezo lake ndi ili: musanyamuke batire lili lodzaza ndendende, chifukwa likakhuta sililandira, ndipo mtsetse wonse udzagwera pa mabuleki.

Zomwe zimafa ndi zozungulira mota: inveta, tchaja ya m'galimoto, ndi kabokosi kotsitsa mphamvu kuti katchaje batire wamba la 12V. Inde, batire laling'ono lija lilipo, ndipo likafa galimoto siidzuka ngakhale lalikulu lili lodzaza. Opanga akuphatikiza zinthuzi kuti zichepe: BYD inaika zisanu ndi zitatu m'chimake chimodzi. Kupepuka kulipo, koma kachinthu kamodzi kakapsa nthawi zambiri mumaitanitsa bokosi lathunthu. Mu 2024 Hyundai ndi Kia anaitanitsa magalimoto ambiri a E-GMP kuti akakonze bokosi lotchedwa ICCU, lomwe limatchaja batire la 12V. Galimoto yobwera payokha kudzera ku Dar es Salaam kapena ku Durban ilibe woiitana, ndiye funsani ngati ntchitoyo inachitika isanakwere sitima. Ndipo kunyumba ikani earth yabwino ndi choteteza ku mphenzi ndi magetsi obwera mwamphamvu akathima. Nthambo za lalanje zija zimanyamula mavoti oposa 300. Mnyamata wa pagaraja wosaphunzira za izi asazikhudze ngakhale pang'ono.

Mavoti 400 kapena 800, ndi pulagi

Magalimoto ambiri ndi a mavoti 400. Taycan mu 2019 ndi Ioniq 5 mu 2021 anabweretsa 800. Mavoti akawirikiza kawiri, mphamvu yomweyo imadutsa ndi theka la ma amp, kutentha kwa m'nthambo kumatsika kanayi, ndipo nthambo zimaonda. Ioniq 5 imachoka pa 10 kufika pa 80 peresenti m'mphindi 18 pa tchaja ya 350 kW. Ndi umisiri wokongola. Koma 350 kW ndi ma hotplate 175 oyaka nthawi imodzi, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wathu ndi soketi ya mano atatu ya 230V. Tchaja yonyamula m'manja imakoka ma amp 10, ndiye 2.3 kW, maola 10 a usiku ndi mayunitsi 23, okwanira makilomita 130 kapena kuposerapo pa galimoto yaing'ono. Wokhala ku Machinjiri wogwira ntchito m'tauni, woyenda makilomita 30 patsiku, amafuna mayunitsi 5 kapena 6, maola osakwana atatu. Pa soketi imeneyo wa 800 ndi wa 400 amadzaza mofanana. Musalipirire liwiro lomwe mulibe polipezera.

Cholipirira ndi galimoto yotha kubweza magetsi. Ioniq 5 imatulutsa mpaka 3.6 kW, Atto 3 ndi MG4 nazo zimatulutsa. Tonse tikukumbuka namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka, mdima wake unatenga chaka ndi miyezi. Nyumba yodya mayunitsi 5 patsiku pa firiji, nyali ndi TV ikhoza kukhala masiku 6 pa theka la batire la 60 kWh. Leaf imathanso kutero, koma imafuna bokosi lina lapadera.

Pulagi nayo isakupusitseni. Leaf ya ku Japan ili ndi pulagi ya Type 1 yotchajira pang'onopang'ono ndi ya CHAdeMO yotchajira mwachangu, ndipo chingwe chobwera nacho chinapangidwira mavoti ndi masoketi a ku Japan. Gulani choyenera 230V. Zambiri za ku UK ndi ku South Africa, kupatula Leaf, zili ndi Type 2 ya pang'onopang'ono ndi CCS2 yachangu, chiwongolero kumanja monga tizolowera. Zogulitsidwa m'kati mwa China zili ndi pulagi ya GB/T ndi chiwongolero kumanzere, ndiye BYD yotchipa ya pa intaneti ikhoza kukhala yosiyana ndi ya ku Johannesburg ngakhale dzina ndi limodzi.

Kwa mayi wa ku Namiwawa uja, woyenda kusukulu ya ana, kuntchito ndi kumsika, Leaf yathanzi ndi yokwana, ndipo palibe yotchipa kuiposa. Bola aimike pamthunzi. e-Golf ndinaichotsa pa mndandanda wa alamu: batire laling'ono, lopanda choziziritsa, ndiponso losowa kuposa la Leaf. Kwa munthu wotsikira kuchigwa mwezi ndi mwezi ndinati maziko obadwira magetsi, mavoti 400, maselo a LFP oziziritsidwa, batire lomasuka ndi mabawuti, pulagi ya CCS2. Pa zithunzi zitatu zija yokwanira ndi Atto 3, ya 60 kWh. Ndalama ikaperewera, Kona yosamalika, kapena kudikira ndithu.

Alamu anandifunsa za msewu wa komwe amakhala ku Bangwe, womwe mvula inakumba mikwasa iwiri n'kusiya mtumbira pakati. Loweruka tinapita ndi thabwa ndi tepi. Tinagoneka thabwa pamwamba pa mtumbira pa malo oipitsitsa, pafupi ndi mjigo, n'kuyeza mpaka pansi pomwe tayala limaponda: masentimita 19. Atto 3 ili ndi pafupifupi 17 isananyamule munthu. Alamu anayang'ana tepi kanthawi, kenako anatuma ana kukabwereka makasu ndi wilibala kwa aneba.